Lamulungu Adada Sakwera Basi

Foni ya mlongo wanga Robson inandipeza Lachisanu masana, ndili pa makina otayipira mu ofesi ya boma imene ndinkagwirako ntchito ku Mzuzu. Kunali kumapeto kwa zaka za m'ma 70, nthawi imene foni yochokera kunja inkaimitsa ntchito ofesi yonse. Mesenjala anabwera chothamanga kuti, "AnyaMhone, London ikukufunani," ndipo anzanga onse anasiya zolemba n'kutchera khutu ngati mlongoyo ndi wawo.

Robson ndi wotsatana nane. Anapita ku Mangalande kukaphunzira udokotala, ndipo zaka zinali zitapitapo zambiri osabwera, ngakhale pamaliro a amama. Mawu ake ankamveka ngati akuyankhulira m'chitsime.

"Esinati, ndapeza ntchito ku Swaziland. Ndinyamuka kuno Lamulungu madzulo, ndikasintha ndege ku Chileka Lolemba, kukwera yodzera ku Joni. Pa geti sindikatuluka, wamva? Mukaime pakhonde la pamwamba paja pamaima operekeza. Ubwere nawo adada, ndikawaone."

Ndisanafunse kuti Lolembalo nthawi yanji, foni inachita phokoso ngati mvula pa malata, n'kuduka.

Chifukwa chosatulukira pa geti sindinachifune n'komwe kuchifunsa. Masiku amenewo aliyense ankachidziwa. Anzake ena amene anabwerako ndi madigiri anatengedwa ndi galimoto za apolisi, ndipo makolo awo ukawafunsa ankangoti ana ali kuntchito. Robson pakamwa pake panalibe sefa chiyambire ali mwana. Choncho chimene tinkatsata ulendo wonsewo chinali chochepa: kumuona akutsika ndege, akuyenda pabwalo, iye atione, tikwezerane manja. Kwa adada, amene maso awo anali atayamba kale kuchita nkhungu, chochepacho chinali chuma chonse.

Adada ankakhala nane ku Salisbury Lines chimwalirire amama. Anali Mtonga wa ku Chintheche weniweni, wa suti ndi chipewa ngakhale popita kukagula mchere, mkulu wa mpingo kuyambira ine ndisanabadwe. Ali mnyamata anayenda wapansi mpaka ku Salisbury kukafuna ntchito ya m'hotela, ndipo ankakonda kunena kuti anatha zidendene kutsata Salisbury weniweni, mapeto ake mwana wawo wadzawasunga mu Salisbury wa matope ndi achule. Mtunda uliwonse padziko lapansi ankauyeza ndi ulendo umenewo.

Nditawauza, anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali. Kenako anati ndiwapimire ufa wa kondowole woti akampatse mwana.

"Adada, tikakhala pamwamba, iye pansi. Mukamuponyera?"

"Ndiye tikupitiranji chimanjamanja ngati akuba?"

Ufawo unatsala, koma tinakangana mpaka nsimbi ya makala imene ndinkasitira suti yawo inazirala.

Loweruka tinalawirira ku depoti kukuzizira kwa ku Mzuzu kuja kolowa m'mafupa. Pakhomo panali achinyamata a chipani kuona makadi. Yanga inali m'manja kale. Ya adada inali m'kati mwa buku lawo la nyimbo, buku m'thumba la jekete, jekete pansi pa chikhothi, ndipo anaitulutsa mosapupuluma ngati akutsegula mapemphero, mzere wonse ukung'ung'udza kumbuyo kwathu. M'mutu mwanga ulendo ndinali nditaukonza bwino: Lilongwe madzulo, basi yausiku mpaka ku Blantyre, Lamulungu kupuma kwa abale ku Ndirande, Lolemba m'mawa pakhonde. Ndinkadziwa kuti adada sakwera galimoto pa Sabata. Ndinangoganiza kuti pa nkhani ya mwana wawo lamulolo lipindika lokha, choncho sindinaitchule.

Basi inakwera mapiri a Viphya ikubuula. Titalowa m'mitengo ya paini ku Chikangawa, pansi pa mipando panalira chitsulo, basi n'kupendekera kumanzere, n'kuima. Dalaivala anatsika, anasuzumira, anayatsa fodya. Kondakitala anatiuza kuti sipuling'i yathyoka, ndipo atumiza uthenga ku Mzimba pa galimoto yoyamba kudutsa. Galimoto yoyambayo inali thirakitala yolowera kwina.

Tinakhala m'mbali mwa msewu, nkhungu itatikuta moti munthu wa patsidya pa msewu sumamuona nkhope. Amayi ena anasonkha moto wa tinthambi ta paini, utsi wake wokoma fungo koma wosafunditsa. Apa m'pamene tinadziwana ndi a Nyirenda, bambo wa ku Embangweni wovala majombo ndi chipewa choluka, wailesi ili m'manja, amene anagwirako ntchito ku migodi ya ku Joni. Atamva kumene tikupita, anasendera pafupi.

"Ndege ine ndakwerapo, adada. Musaope chomene. Imathamanga, inde, koma nayo imatopa. Ife popita ku migodi tinatera panjira, tinagona, mawa lake n'kupitiriza pa sitima. Ndiye Joni ndi pafupi apa. Nanga ku Mangalande?"

"Wamva, Esinati?" anatero adada.

Ine ndinati ku ofesi mabwana amanena kuti munthu amadya chakudya chamadzulo ku London, chamasana n'kudzadyera ku Blantyre.

"Mabwana!" anaseka a Nyirenda. "Amayi, bwana akakuuzani kuti anapha njovu ndi legeni, inu mulemba pa makina anuwo."

Anthu anaseka, adada anaseka kuposa onse. A Nyirenda sankanama. Ankanena za ndege imene iwo anakwera, ndipo adada anapeza mboni imene ankaifuna. Mpaka lero ndikamva fungo la utsi wa paini ndimakumbuka majombo a bambo amene uja, ndipo mtima umandiwawa ngakhale sanandilakwire.

Amakaniko anafika dzuwa litapendeka. Anamanga chothyokacho ndi zitsulo ndi mphira, tinapitiriza mwakachetechete ngati tikuperekeza maliro. Ku Mzimba tinangotsitsa a Nyirenda ndi wailesi yawo. Pa Jenda apolisi anatitsitsa tonse, katundu yense pansi, kumasula mitolo umodziumodzi. Mayi wina anamubweza kuti akafunde chitenje chifukwa diresi lake linkaonetsa mawondo akakhala pansi. Wapolisi wina anafunsa adada kumene akupita.

"Ku Blantyre, kukaona mwana."

"Amagwira kuti mwanayo?"

"Kuchipatala," anayankha adada. Bodza sankalitha, choncho anasankha choona chimene chinali chaching'ono.

Ku Kasungu dalaivala anasowa. Anthu ena amati wapita kukadya, ena amati ali ndi banja lachiwiri kuseri kwa msika. Anabwera akutokosa m'mano, ife titatha nzimbe zonse za pa depoti. Tinalowa mu Lilongwe magetsi atayaka kale.

Mwayi wake, basi yausiku ya ku Blantyre inali isananyamuke. Inali chiimire, injini ikulira, malo alipo. Ndinanyamula chikwama n'kuwagwira adada dzanja. Pakhomo pa basi anaima.

"Akondakitala, ku Blantyre mufika liti?"

"Mawa kukucha, bambo, Mulungu akalola."

"Mawa ndi tsiku lanji?"

Kondakitala anandiyang'ana ine, ine ndinayang'ana pansi.

"Esinati, tsitsa chikwama."

Ndinawakokera pambali. Ndinayankhula Chitonga, ndinayankhula Chichewa, ndinayesa ndi Chizungu chimene ankachilemekeza. Ndinati Mulungu amene anawapatsa mwanayo sangakwiye poona akupita kukamuona. Ndinati ng'ombe ikagwa m'dzenje pa Sabata amaitulutsa.

"Robson sanagwe m'dzenje. Akubwera pa ndege," anatero. "Ine ndinayenda wapansi mpaka ku Salisbury, anzanga akundisiya m'thengo tsiku la Sabata, mikango ikulira. Ndinakhala pansi, ndipo Lolemba ndinkawapeza. Ndiyambe lero, imvi zili mbuu, chifukwa cha basi?"

Kenako anatambasula dzanja lawo lamanja pansi pa getsi la depoti. Anagwira paphewa. "London ndi apa." Anatsetsereka ndi chala mpaka pa chikhatho. "Chileka ndi apa." Anatsina kansonga ka chala chaching'ono. "Ife tatsala ndi aka. Iye anyamuka mawa madzulo, adutse nyanja, adutse chipululu, adutse maiko onse a Aluya. Ife tinyamuka Lolemba mbandakucha ndi aka kokha. Afike ndani poyamba? Simple arithmetic, mama. Akafika Lolemba n'komwe, ndi madzulo."

Kunena zoona, pa dzanja pawo zinkamveka. Ine ku London ndinali ndisanapiteko, ndege ndinkangoiona kumwamba. Chimene ndinali nacho ndi nkhani za mabwana ndi mantha basi. Basi inatseka chitseko, inatembenuka, ndinaiyang'ana mpaka magetsi ake ofiira anasowa pa mlatho.

Tinakagona ku Kawale kwa msuweni wanga Joyisi. Lamulungu limenelo ndi tsiku lalitali kuposa onse amene ndakhalapo ndi moyo. Adada anadzuka osangalala, anameta ndevu, anapita ku tchalitchi cha pafupi. Atamva kuti kwabwera mkulu wa mpingo wochokera kumpoto, anawakhazika kutsogolo n'kuwapatsa pemphero lotsekera. Anapemphera Chichewa chawo cha Chitonga, anapempherera odwala, amasiye, atsogoleri, ndi onse a paulendo, a pamtunda, a pamadzi ndi a mumlengalenga. Anthu anati ameni wamphamvu. Ine pakamwa panga sipanatseguke.

Masana ndinayesa kufunsa nthawi ya ndege. Maofesi onse anali otseka. Mwamuna wa Joyisi anati akudziwa munthu wogwira ntchito ku bwalo la ndege, tinayenda mpaka ku Biwi, tinapeza munthuyo anapita kumudzi kukakolola. Pobwerera ndinadzera ku depoti, sindikudziwa kuti ndinkafunako chiyani. Ndinaima pamenepo n'kumaona mabasi a ku Blantyre akudzaza, akunyamuka, ina pambuyo pa inzake, anthu akukwera ndi nkhuku zawo opanda mlandu uliwonse ndi Mulungu.

Nditabwerera ndinapeza adada pakhonde akuimba chamumtima. Anandiyang'ana nkhope.

"Ngati mtima wako sukukhazikika, pita iwe. Ine ndikupeza mawa."

Ankanena zoona, sankandiyesa. Koma munthu amene sankatha kuwerenga chikwangwani cha basi, ndikanamusiya bwanji kuti adzafike yekha ku Chileka? Ndipo Robson sananene kuti akufuna kuona ine. Ndinati ndikhala. Anagwedeza mutu ngati ndapambana mayeso, ndipo zimenezo zinandipsetsa mtima koposa. Dzuwa likulowa ndinati tsopano Sabata latha, tikwere yausiku. Anati Sabata la kwathu silitha ndi dzuwa ngati la anthu ena, limatha munthu akagona n'kudzuka. Joyisi anandinong'oneza kukhitchini kuti ndisalimbane nawo, mawu a akulu akoma akagonera. Ndinamuyankha kuti ena akagonera amasasa.

Lolemba tinafika pa depoti tambala asanatsike. Tinali oyamba kukwera, ndipo kukhala woyamba m'basi ndi chilango, chifukwa umaona mpando uliwonse ukudikira mwini wake. Inanyamuka dzuwa litatuluka. Inali basi yoima paliponse pamene munthu wakweza dzanja. Pa Nathenje tinaima, pa Chimbiya tinaima, pa Dedza tinadikira thumba la makalata. Pa Lizulu anakweza matumba a kabichi ndi mbatatesi padenga, lina linagwa, linaphulika, ndipo mwini wake anakana kuti basi ichoke mpaka atatola mbatatesi yomaliza pansi pa matayala. Adada anali osatekeseka, chipewa pa bondo, akundiuza mayina a mapiri amene anawadutsa wapansi.

Titapitirira Ntcheu, chakum'mawa ndithu dzuwa lisanafike pamutu, mayi amene anakhala pawindo kutsogolo kwathu analoza kumwamba.

"Taonani ndege, yasiya mchira woyera."

Ndinasuzumira. Inali kadontho konyezimira, kochokera kumpoto, kolowera kumene ife tinkapita. Inatidutsa ngati taima. Sindingalumbire kuti inali ya Robson.

"Akuti chiyani?" anafunsa adada.

"Akuti ndege."

Anakweza nkhope, anatsinzinira, koma maso awo sakanaiona. "Zazing'ono za m'dziko momwe muno izi," anatero. Patapita kanthawi anafunsa kondakitala ngati ku Blantyre n'kutali. Aka kanali koyamba kufunsa.

Balaka, Liwonde, Zomba, ndinangoona mayina. Pa Namadzi tinaima kuthira madzi mu injini. Adada anasiya kusimba za mapiri. Tinafika mu Blantyre dzuwa litapendeka, ndipo pa depoti anaima kuti apukute nsapato, akuti mwana asawaone ndi fumbi. Pamenepo ndinawakalipira, koyamba m'moyo wanga, pamaso pa anthu. Anabweza kansalu m'thumba n'kunditsatira ku galimoto ya ku Chileka.

Pabwalo la ndege panali zii. Tinakwera masitepe mpaka pakhonde lija. Panalibe munthu, kupatula mayi wina wovala epuloni amene ankasonkhanitsa makapu a tiyi pa matebulo. Pansi, bwalo lonse linali mbee, kandege kamodzi kakang'ono kataima patali.

"Pepani amayi," ndinatero, "ndege yochokera ku London yafika?"

"Ya ku London? Ija inafika m'mawa. Anthu ake anabalalika kalekale."

"Nanga opitirira, osintha ndege?"

"A ku Joni anyamuka titangodya nkhomaliro." Anatiyang'ana, anayang'ana suti ya adada ndi chikwama chathu chafumbi, n'kuika makapu pansi. "Kodi ndinu abale a bambo wandevu uja?"

Sitinkadziwa kuti Robson anasunga ndevu. Mayiyo anati panali bambo wina wamtali, wandevu, amene potsika ndege anaima pakati pa bwalo n'kumayang'ana pakhonde pano, mpaka wantchito anachita kumukankha kuti alowe. Pokakwera ndege yachiwiri anachitanso chimodzimodzi. Anayenda chobwerera m'mbuyo, maso ali kuno, akuyang'ana munthu mmodzimmodzi. Anzake onse atakwera iye anaima pa masitepe, mpaka anatuluka mkazi wa m'ndege kudzamuitana.

"Ife tinamukwezera manja, kuti mwina asapite choncho," anatero mayiyo. "Koma sanali kufuna ife."

Adada anagwira chitsulo cha khonde ndi manja awiri.

"Tsopano ali pati? Adutsa Zambezi?"

Mayiyo anaitana bambo wina wa yunifolomu amene ankadutsa pansi, namufunsa. Bamboyo anayang'ana wotchi yake. "Ya ku Joni? Inatera kale imeneyo."

"Yatera," anatero adada, osati mofunsa. Ndinawakokera mpando, anakhala. Mayi uja anawabweretsera tiyi wosalipira, anati yewo, koma sanamukhudze. Ine ndinalira poyera, osabisa, mkwiyo ndi chisoni zitasakanikirana moti sindinkadziwa kuti ndikulirira Robson, adada kapena ndekha. Mlendo ndi mame, amatero, koma ife ngakhale mamewo sitinawaone.

Tinagona ku Ndirande, m'mawa mwake tinayamba ulendo wobwerera. Ndinali nditakonzeka kumva kuti chinali chifuniro cha Mulungu, ndipo yankho ndinali nalo lakuthwa. Sananene. Lilongwe tinadutsa, Kasungu tinadutsa, osatchula Mulungu kapena Robson. Ankangoyang'ana pawindo pamene sankaonapo kanthu.

Adada sanasiye kusunga Sabata, ndipo ine sindinawafunsenso za tsiku lija. Anamwalira patapita zaka zingapo, maso atatsekeratu. Robson anadzabwera zipani zitachuluka, ndevu zitayera, ndipo ndinamuperekeza ku Chintheche kukaona manda. Anandifunsa chimene chinachitika Lolemba lija. Ndinamuuza za sipuling'i ya ku Chikangawa ndi mbatatesi za pa Lizulu. Zinazo ndinasunga.

Chimene sindinamuuze ndi ichi. Pobwerera paja, basi ikutsika mapiri kulowa mu Mzuzu, nyumba za ku Mchengautuwa zitayamba kuoneka, adada anandigwira pamkono. Anayankhula motsitsa, kuti a pampando wakutsogolo asamve.

"Esinati, mwana wanga, iwe unkadziwa. Pa Lilongwe paja, bwanji sunandikoke?"